Mphunzitsi wa ku Mgodi

Ku Mogwase, m'munsi mwa mapiri a Pilanesberg, kumene ambiri amadya thukuta lawo m'migodi ya pulatinamu, ine ndimavulira chipewa mphunzitsi amene amatenga mnyamata wosadziwa kanthu, namuphunzitsa kugogoda denga la mgodi ndi chitsulo chachitali, kufikira khutu lake litasiyanitsa thanthwe lolimba ndi mwala wolira ngati ng'oma, umene uli pafupi kugwa. Makolo athu a Wenela ankatola nzeruzi m'Chifanakalo, kapitawo akukalipa; koma chikhazikitsireni lamulo la za migodi la 1996, limene linabala bungwe la Mining Qualifications Authority, munthu saloledwa kunena kuti anzake alowe pamalo okumba asanayesedwe iye mwini, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Satifiketi imalembedwa kumtunda, koma mayesowo amachitikira pansi, mumdima.