Nyimbo Yolira ndi Nyimbo Yoloza Chala

Pali chikhulupiriro pakati pathu, ophunzira ndi aphunzitsi omwe, chakuti nyimbo iliyonse yotchula umphaŵi ndiye kuti ndi nyimbo ya antchito. Ine ndikukana. Mphaŵi ndi wantchito si munthu mmodzi ayi, ngakhale onse aŵiri amagona ndi njala. Mphaŵi timangomumvera chisoni, osafunsa amene adamsaukitsa. Wantchito ali ndi bwana, ali ndi kapitawo, ali ndi malipiro oŵerengeka. Tsono nyimbo yake ikakhala yoona iyenera kukhala ndi woimbidwa mlandu. Mfundo imeneyi ndifuna kuiyesa pa nyimbo zimene zimamveka m'boma la Neno, poziyerekeza ndi za antchito a kunsi kwa Zambezi ndi za ku Philippines.

Neno ndi boma la thukuta. Adalipatula ku Mwanza mu 1903 ayi, koma dzulodzuloli mu 2003, komabe ntchito ya anthu ake idayamba kale kudyetsa ena. Matumba a makala ondanda pa Zalewa amakaphikira a ku Blantyre. Mbatata ya kachewere yochokera kumapiri imathera m'misika ya m'tauni. Magetsi a ku Nkula, amene adayamba mu 1966, ndi a ku Tedzani amapangidwa pa Shire, m'malire mwa bomali. Njanji yonyamula malasha a ku Moatize kupita ku Nacala imadutsa pomwepo. Ndipo kale amuna a kuno, monga a maboma ena, ankathera ku Halale ndi ku Joni. Ulendo wa Wenela udaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown pa 4 Epulo n'kupha amigodi a ku Malaŵi oposa 70. Udayambanso m'dzina la TEBA mpaka 1988.

Nanga thukuta lonseli lidasiya nyimbo yotani? Yoyamba ndi ya pamtondo. Mayi posinja amaimba za mwamuna amene adatchona, za kalata yosabwera, za nsalu yong'ambika, za apongozi olalata. Luso lake n'losakayikitsa: mawu amatsata kugunda kwa munsi, ndipo zimene mayi sakadanena pabwalo amazinena poyera, popeza woimba nyimbo sazengedwa mlandu. Koma timvetsere bwino amene akudzudzulidwa. Kaŵirikaŵiri ndi mwamunayo, kapena mkazi wa m'tauni amene adamuiŵalitsa kwawo. Mgodi umene udameza mwamunayo, ndi kampani imene inkapindula pomlipira pang'ono chifukwa banja lake linkadzidyetsa lokha ndi khasu kumudzi, izi zimapulumuka. Osauka aŵiri akulozana zala, mwini chuma ali phee.

Si kuti anthu a kumudzi sangathe kuloza bwana. Kunsi kwa Zambezi, ku minda ya nzimbe ya Sena Sugar Estates, antchito adali ndi nyimbo yotchedwa “Paiva”, imene Leroy Vail ndi Landeg White, onse aŵiri aphunzitsi akale a pa Yunivesite ya Malaŵi, adaifufuza m'zaka za m'ma 1970. Paiva lidali dzina la banja la Chipwitikizi la Paiva Raposo, limene lidali pakati pa oyambitsa ndi oyang'anira mindayo ku Mopeia. Anthuwo adafa, koma dzina lidakhalabe m'nyimbo, likuimira kampani yonse pamodzi ndi chibalo chake. Ankaiimba opalasa ngalaŵa, odula nzimbe ndi amayi povina, m'badwo uliwonse n'kuwonjezamo akapitawo ake. Ubwino wa nyimboyo, kwa ine, suli m'kutukwana kwake. Uli pakuti mwana wobadwa pambuyo ankaphunziramo kumene kudachokera njala ya kwawo.

A ku Philippines adapitirira pamenepo: adailumikiza nyimbo ndi bungwe. Ferdinand Marcos ataika dziko pansi pa ulamuliro wa asilikali mu 1972, adaletsa sitiraka. Komabe mu 1975 antchito a pa fakitale ya La Tondeña ku Manila adanyanyala ntchito, ndipo pa 1 Meyi 1980 padabadwa bungwe la antchito la Kilusang Mayo Uno. Oimba monga Jess Santiago ankapita ndi gitala kumene kudali antchitowo. Nyimbo yake ya “Halina” imasimba za mtsikana wogwira usiku pa fakitale ya nsalu, amene adaloŵa bungwe, nachita nawo sitiraka, nasoŵa, napezeka atafa. Taonani kusiyana kwake. Iyinso ndi nyimbo yolira, koma ntchito yatchulidwa, bungwe latchulidwa, chifukwa cha imfa chaoneka. Womvera sakungopukuta misozi; akudziŵa choti achite maŵa.

Komabe ndisaŵakometse mopitirira. Nyimbo imene idamveka kwambiri pochotsa Marcos mu 1986 idali “Bayan Ko”, ya m'chaka cha 1929, yolira dziko lonse monga mbalame yotsekeredwa. Imeneyo ankaiimba olemera ndi osauka pamodzi, popeza siidafunse za mwini munda. Marcos adathaŵa, minda idakhalabe m'manja momwemo, ndipo mu Januwale 1987 alimi 13 ofuna malo adawomberedwa pa Mendiola, boma latsopano lili pampando. Nyimbo ya fuko imagwetsa wolamulira, sikweza malipiro.

Phunziro limenelo ndi lathu ndithu. Mu Meyi 1992, patangopita miyezi iŵiri chitulukire kalata ya mabishopu ndi mwezi umodzi chimangidwire Chakufwa Chihana, yemwe adali mtsogoleri wa mabungwe a antchito, ndi antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre amene adayamba sitiraka, ndipo anthu ambiri adafa ndi zipolopolo za apolisi. Ufulu wa zipani zambiri udagulidwa ndi magazi a antchito. Nanga nyimbo zimene zidatsatira zidati chiyani? Lucius Banda wa ku Balaka, boma loyandikana ndi Neno, adatipatsa chimbale cha “Son of a Poor Man” ndi nyimbo ya “Mabala”, ndipo palibe angakane kulimba mtima kwake mpaka imfa yake mu 2024. Evison Matafale wa ku Chileka adalankhula ngati mneneri, nafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001. Aŵiriŵa ndimaŵalemekeza. Koma chala chawo chidaloza wandale ndi Babulo. Munthu wawo ndi mphaŵi wopanda fakitale, wopanda munda wa bwana, wopanda mtengo wa thumba. N'chifukwa chake nyimbo yotere wandale wotsutsa amaibwereka msanga pa kampeni, ndipo mwini esiteti amaivina pa ukwati osamva kanthu.

Wina adzati: mantha, bambo, mwaiŵala Censorship Board ya 1968 ndi ndende ya Mikuyu? Sindidaiŵale, ndipo kuphiphiritsa kudapulumutsa ambiri. Koma “Paiva” inkaimbidwa chikoti chili pamsana, ndipo ife takhala zaka zoposa 30 pakamwa pali potsekula. Ndiganiza kuti chosoŵa si ufulu koma khutu. Oimba athu, ndi ife olemba omwe, timakonda mawu aakulu monga “mavuto” ndi “dziko”, chifukwa safuna kuti munthu akakhale tsiku lonse pa uvuni wa makala n'kufunsa kuti thumba likugulidwa zingati pa Zalewa, likukagulitsidwa zingati ku Ndirande, ndipo zotsalazo akudya ndani.

Pamenepo ndi pamene pali nyimbo ya Neno imene ndikuiyembekeza. Chigayo chachepetsa mtondo, choncho bwalo lakale la amayi likutha. Latsopano liyenera kumangidwa pamene pali waganyu wolipidwa pa ndime, wokankha njinga ya makala, ndi wa TEBA wokalamba akudikira ndalama zake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, tsono nyimboyo idzachokera kwa iwo eni ake, osati kwa ife. Ntchito yathu pa koleji ndi yochepa koma yofunika: kuleka kutcha kulira kulikonse kuti nkhondo, ndi kufunsa nyimbo iliyonse imene tiiyamikira kuti, kodi ukuloza yani, ndipo ukuitanira anthu kuti? Pajatu chala chimodzi sichiswa nsabwe, ngakhale chitaloza molunjika.