Ng'oma ya Senri Kawaguchi ndi ng'oma ya ku Chimvu

Madzulo, akaweruka kothyola tiyi, achinyamata ena kuno kwa Mphuka amaunjirira foni imodzi kuonera mtsikana wa ku Japan akuomba ng'oma. Iyeyu ndi Senri Kawaguchi, amene anabadwa mu 1997. Anayamba ng'oma ali ndi zaka 5, ndipo pofika zaka 8 anali kuphunzira kwa katswiri Kozo Suganuma. Mu 2013, ali ndi zaka 16, anatulutsa chimbale chake choyamba, A La Mode, cha nyimbo za jazz fusion, zimene zimasakaniza jazz ndi rock.

Luso lake silikayikitsa. Manja ake amathamanga koma saphonya, ndipo phazi limasunga kugunda kumodzimodzi ngakhale manja ali pa kaombedwe kena. Ife amene timaphunzitsa ana tikudziwa kuti zoterezi zimadza ndi kubwereza kwa zaka zambiri pamaso pa mphunzitsi wosatopa. Komabe pali pamene timadandaula. M'makanema ambiri amene achinyamata amakonda, ng'oma imalankhula yokha kwa nthawi yaitali, nyimbo n'kuima podikira, ndipo womvera amatsala akuwerenga liwiro la manja. Timam'mva atakhwima pa chimbale cha 2016, CIDER, pamene akuimba ndi Armand Sabal-Lecco wa ku Cameroon, woimba besi. Pamenepo amasiya mpata, amamvetsera mnzake, kenaka n'kuyankha.

Kumvetsera kotereku sikwachilendo kuno ku Thyolo. Malemu Allan Namoko, amene anatisiya mu 1995, anali wosaona, ndipo ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Magulu a jazz a m'midzi yathu ankadzipangira okha ng'oma ndi zikopa, zitini ndi zitsekerero za mabotolo. Mverani chimbale cha Ana Osiidwa: ng'oma yake ndi yosauka, koma imanyamula mawu a Namoko ndi chisoni chawo osawaphimba. Woomba amadziwa kuti uthenga uli pakamwa pa woimba, ndipo ntchito yake ndi kuuperekeza mpaka ulowe mumtima. Pa muyeso umenewu, ng'oma ya ku Chimvu siigwada pamaso pa ya ku Japan.

Pamene tagonja ndi pa kulera. Kawaguchi anapeza makolo omugulira zida, mphunzitsi wodziwika, ndi makampani osunga ntchito yake m'dzina lake. Ife tikakumbukira gulu la ku Chimvu timatchula Namoko yekha, ngati kuti ng'oma inkadziomba. Ngakhale tchopa ya Alhomwe, imene UNESCO inaizindikira mu 2014, timayamikira ovina n'kuiwala amene akutuluka thukuta pa ng'oma. Mwana akayamba kugogoda chidebe pa khonde, ambiri a ife timamukalipira kuti akusokosa.

Achinyamata athu apitirize kumuonera mtsikanayu, chifukwa khama lake ndi phunziro lokwanira. Koma akatopa ndi kuwerenga liwiro, tiwaikire Namoko, tiwafunse kuti ng'oma yakhala chete pati ndipo chifukwa chiyani. Ndipo akulu amene anaomba m'magulu amenewa, amene akali moyo m'midzi ya Thyolo, tiwafunefune, ana athu akhale nawo pansi manja awo asanafooke.