Mchere m'mbale ya shuga

Anzanga, mukaifune "The Blue Cross" ya G.K. Chesterton, nkhani ya mu 1910. Wansembe wooneka wopepera, Father Brown, wanyamula mtanda wasiliva mumzinda wa London. Flambeau, mbava yotchuka, wavala zaunsembe n'kumayenda naye. Brown sakuwa ayi. Amasinthanitsa mchere ndi shuga mulesitilanti, kukhuthulira supu pakhoma, kuswa windo, kuti wapolisi Valentin awalondole. Kenako mtandawo amautumiza papositi.

Museka, koma taonani pagona luso. Machenjera a akuba Brown anawamva kwa anthu odzalapa, ndipo mnzakeyo atanyoza kuganiza, anatsimikiza kuti si wansembe. Apa chipembedzo chikugwira mbava, sichikulalika. Pofooka m'pa Valentin, amangokokedwa ngati mbuzi yapachingwe.

Nanga ife? M'nkhani zathu zambiri, chikho chikasowa kutchalitchi timathamangira kwa sing'anga, kufufuza n'kuthera pomwepo. Chonsecho kuno ku Area 15 mlonda wapageti amaona zonse, kungoti palibe amamufunsa. Chosema cha ku Mua chitasowa m'nyumba ya abusa, wofufuza wanu ndi ameneyo. Mulembeni, tidzawerenge sabata yamawa.