Mudzi wa Chitsime Chimodzi

Mu 2016 Moxie Marlinspike, amene anayambitsa Signal, analemba nkhani yoikira kumbuyo ganizo lakuti pulogalamu yotumizirana mauthenga achinsinsi izikhala ndi mwini mmodzi. Ndaiwerenga kangapo, ndipo nthawi zonse imayamba yandikopa ndisanaitsutse.

Mfundo yake ndi iyi. Imelo ilibe mwini: wa Gmail amalembera wa Yahoo popanda vuto, chifukwa onse amatsata malamulo amodzi otseguka. Koma poti maseva ake ndi ankhaninkhani, kusintha kanthu kumalira kuti eni ake onse amvane. N'chifukwa chake mpaka lero makalata ambiri a imelo angathe kuwerengedwa ndi kampani yowasunga. WhatsApp, pokhala ya mwini mmodzi, inamaliza mu Epulo 2016 kutseka mauthenga a anthu biliyoni imodzi ndi loko wa Signal, eni mauthengawo osachitapo kanthu. Apa sindimutsutsa. XMPP, imene inayamba mu 1999 ndi dzina la Jabber, inachedwadi kuzolowera mafoni a m'manja.

Pomwe tasiyana ndi pa yankho lake kwa oopa mphamvu za mwiniyo. Iye akuti pulogalamu ikakukhumudwitsa n'kosavuta kusamukira ku ina, poti manambala a anzako ali kale m'foni mwako. Nambala ili m'foni, inde, koma mwini nambalayo sanasamuke. Ine ndinayesapo. Gulu la mpingo, la banki m'khonde ndi lokonza za maliro onse anatsala, ndipo patatha sabata ndinabwerera mwakachetechete. Pa imelo munthu amasintha kampani n'kumalemberabe abale ake. Pa WhatsApp wotuluka amatuluka yekha.

Komanso loko amabisa zimene mwalemba, satsimikiza kuti uthenga ufika. Pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho ku Zambia, WhatsApp inatsekedwa m'dzikomo. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho, makina a Facebook atasokonekera, inazima padziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Boma likhoza kuthimitsa intaneti yonse, n'zoona, koma kutseka khomo limodzi n'kosavuta kuposa kusaka makomo chikwi.

Njira zotseguka monga Matrix, ya mu 2014, zidakali zovuta kwa munthu wamba, ndipo sindingawauze agogo anga kuti asankhe seva. Marlinspike wapambana pa funso la liwiro. Funso limene walizemba ndi ili: mudzi wonse ukamamwa pa chitsime chimodzi, mwini chitsime akakwiya kapena akachigulitsa, mtsuko tikautunga kuti?