Buku Lonena za Akulu Ocedwa Kuphunzira ndi Athandizi Ao

M'caka ca 1967 ku America kunaturuka buku, dzina lace The Cloak of Competence, ndiko kunena copfunda cimene munthu apfunda kuti aoneke wokhoza zinthu monga anzace. Wolemba wace ndiye Robert Edgerton, amene anali mphunzitsi wa pa sukulu yaikuru ya ku Los Angeles, wosanthula makhalidwe a mitundu ya anthu. Tifuna kuliyesa buku limeneli pamaso pa owerenga athu, pakuti likamba za anthu amene sasowa pa mudzi uli wonse, ndiwo akulu msinkhu amene nzeru zao zicedwa kugwira malembo, ciwerengero ca ndalama ndi nthawi.

Edgerton analondola anthu 48 amene anakhala zaka zambiri m'cipatala ca boma cosungiramo anthu otere, dzina lace Pacific State Hospital, m'dziko la California, naturutsidwa pambuyo pace kuti akadzisunge okha. Anawacezera kwao ndi ku nchito zao, namvetsera mau ao. Ici ndico coyamba ticiyamika m'bukuli, pakuti masiku amenewo onena za anthu otere anali ambiri, koma ofunsa eni ace anali owerengeka.

Zimene anapeza ziri zomvetsa cisoni. Anthuwa anaopa koposa zonse kuti anansi angadziwe kumene anacokera. Pofuna kuti wina awawerengere kalata, ananena kuti aiwala magalasi a m'maso. Ena anabvala koloko ya pamkono yosayenda, kuti pofunsa nthawi asacite manyazi. Ena anatola zithunzi za anthu osawadziwa, nazisunga monga za abale ao. Ndipo ambiri a iwo, asanaturuke m'cipatalamo, anawatseka kubala, monga linalola lamulo la California la 1909.

Koma mtima wa bukuli uli pa athandizi. Amene anakhazikika bwino, ambiri anali naye munthu wowaimira: mwini nchito, mwini nyumba, mkazi kapena mwamuna wao, mbale kapena mnansi. Iyeyu ndiye anawafunira nchito, nawasungira ndalama, nawalembera makalata, nawabisira cinsinsi cao. Potero bukuli litionetsa kuti khomo la ku nchito, la ku sitolo ndi la ku ukwati linatseguka kapena kutsekeka monga mwa mtima wa anthu ena. Apa Edgerton ananena zoona. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono pali ziwiri zimene tiona kuti bukuli liperewera nazo. Coyamba, kulephera kwa anthuwa linakuwerengera kwambiri pa kucepa kwa nzeru zao, osayesa mokwanira cimene cipatala cinawacita. Kodi munthu wotsekeredwa zaka zambiri, wosagula yekha cakudya cace, wosayenda yekha ulendo, adzadziwa bwanji mtengo wa sopo tsiku loturuka? Ngakhale wanzeru akadasocera. Caciwiri, mthandizi wosunga ndalama zako ndi cinsinsi cako agwiranso ufulu wako m'dzanja lace. Ambiri a anthuwa anagwira nchito za malipiro ocepa. Nanga wanchito adzatsutsana naye bwanji mwini nchito, pokhala yemweyo ndiye womsungira cinsinsi?

Edgerton mwini sanaleke pomwepo. Atapita zaka zoposa khumi anabwerera kwa anthu omwewo amene anakhoza kuwapeza, ndipo m'1976 analemba kuti ambiri sanatsamirenso athandizi monga kale, ndi mantha a kudziwika anacepa. Bukuli linasindikizidwanso m'1993 pamodzi ndi mbiri ya zaka zao za pambuyo pace. Umboni umenewu utiphunzitsa kuti zina zimene zinaoneka ngati cilema ca cibadwire zinali kusazolowera cabe. Atapatsidwa nthawi ndi malo, anthuwa anaphunzira.

Pangano la United Nations la 2006 lonena za anthu olumala linena kuti munthu athandizidwe posankha za moyo wace, ndi kuti cifuniro cace cilemekezedwe. Koma pangano liri pa pepala; wolicita ndiye mbale ndi mnansi.

Cifukwa cace, abale, tiyese thandizo lathu ndi muyeso uwu: kodi iye amene timthandiza akhoza caka cino kanthu kamene sanakhoza caka catha? Tikamperekeza ku cipatala, timlole ayambe ndiye kufotokoza nthenda yace, ndi ife tiwonjeze zotsala. Tikapita naye ku msika, ndalama zikhale m'dzanja lace, tiwerenge naye pamodzi, ngakhale wogulitsa adandaula kuti ticedwa. Ndipo pakamba za munda wace kapena ukwati wace, asakhale kunja kwa bwalo, koma afunsidwe monga munthu wamkulu.