Mawu anayi a m'mphepete mwa kope

Tsambali ndi la m'kope la sayansi la mtsikana wa Giredi 7, mwana wa Amalawi okhala ku Marlboro, kufupi ndi Alexandra ku South Africa. Phunziro lake ndi la kulekanitsa zinthu zosakanikirana, lomwe silabasi ya CAPS imaliika mu teremu yachiwiri. Pansi pa deti wajambula botolo la pulasitiki lodula pakati ndi kulizondotsa, momwe wayalamo thonje, makala ndi mchenga. Madzi osefawo anatungidwa mumtsinje wa Jukskei.

Za m'Chingerezi zalembedwa mwaukhondo: cholinga, zipangizo, njira, zotsatira. Mzere womaliza ukuti kusefa kwayeretsa madziwo, ndipo bolopeni yofiira yachonga. Chiganizochi chikuoneka kuti n'chokopera pabolodi, chifukwa mulibe ngakhale liwu limodzi lofufutidwa.

Koma m'mphepete, ndi pensulo, m'Chichewa, muli timalemba topendekera: "Ayera koma akununkhabe. Sindingamwe."

Mawu anayiwa akuposa tsamba lonse. Loyamba likuvomereza zomwe maso aona, matope atsaladi mumchenga. Kenako mwanayo akubweretsa mboni yachiwiri, mphuno, yomwe malangizo sanaitchule, ndipo mboniyo ikutsutsa mzere wochongedwa uja. Akulondola. Mchenga ndi thonje zimakola zinyalala zooneka, pomwe zosungunuka m'madzi zimadutsa, ndiponso tizilombo tambiri monga E. coli, tomwe timapezeka mu Jukskei chifukwa cha zonyansa za m'zimbudzi zotayikira mumtsinjewo. Liwu lomalizalo ndi chigamulo cha munthu woudziwa mtsinjewo ndi mapazi ake. Iye wazindikira yekha malire a sefa, chinthu chomwe bolodi silinamuuze.

Chondipweteka n'choti ganizoli analikankhira kunja kwa mzere wofiira wa kope, ndi pensulo yoti atha kufufuta, m'chinenero chomwe ankadziwa kuti wochonga sachimva. Mwanayo waphunzira kale kuti pakati pa tsamba m'pa yankho lofunidwa, ndipo zoona ndi maso ake azibisa. Wasayansi Michael Faraday ankalemba m'makope ake ngakhale zoyesa zomwe zakanika, ndime iliyonse n'kuipatsa nambala mpaka kupitirira 16,000. Kope la sayansi ntchito yake ndi imeneyo.

Mphunzitsi sindikumuda. Mulu wa makope ukamudikira, diso limathamangira mzere womaliza. Komabe malikisi aperekedwa pa zokopera, pomwe umboni woti mwanayu waganiza watsala osawerengedwa. Pakanangofunika funso limodzi: walemba chiyani apa? Yankho lake likanatsegula phunziro la mawa, loti madzi ooneka oyera aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini, komanso chifukwa chake, ndipo kalasi yonse ikanalemba zimenezo pakati pa tsamba, ndi bolopeni.