Kumvetsera Si Kuzonda

Aphunzitsi a mawa, pali mau amene otanthauzira athu akuwalakwira. Pofuna kunena za munthu wogwira mobisa zokamba anzace pa lamya, ena angolemba "kumvetsera lamya." Koma kumvetsera ndi ulemu: mwana wa sukulu pa Matope amvetsera mphunzitsi, monganso mkamwini achera khutu kwa apongozi. Mau otere sayenera mbala.

Cicewa sicisowa mau ai. Wosuzumira aba ndi maso pa zenera. Wozonda acita kutumidwa, monga amuna 12 aja amene Mose anawatuma ku Kanani. Koma kazitape ndiye atapa nkhani nakaitula kwa akuru. Ndipo amene anakhala m'masiku a Dr Banda, 1964 kufikira 1994, adziwa kulemera kwa dzinali, pakuti mau a pamowa anafikitsa anthu ku ndende ya Mikuyu, makalatanso anali kutsegulidwa asanafike kwa eni ace.

Cifukwa cace ine ndisankha "kutapa nkhani pa lamya," popeza mauwa aulula kubako. Gawo 21 la malamulo akuru a dziko a 1994 liletsa mcitidwewu. Nanga mwana adzacizindikira bwanji coletsedwaco tikachula dzina lace ngati mwambo wabwino?